Mbiri yanga, gawo 6: manja a mayi

Ndabweranso. Zikomo nonse amene munalemba pa gawo lapita lija, makamaka achemwali amene munati munalira mukuwerenga, dziwani kuti nanenso ndinalira powerenga zanuzo. Tinalekezera pa maliro a mayi, ndiye lero ndinene za chionetsero chathu cha chaka chomaliza monga ndinalonjezera.

Nditabwerera ku sukulu yathu ya zojambulajambula patatha masabata atatu anzanga anali ali patali kale. Mnzanga wa zoumba uja anali atasiya dongo, akutola zitsekerero za mabotolo nkumaziphwathika ndi hamala kenako kuzilumikiza ndi waya, nzeru anatengera kwa El Anatsui wa ku Ghana uja amene amapanga zinthu zikuluzikulu zolendewera pakhoma ngati nsalu chonsecho ndi zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya wa kopa basi. Wina amagonera pa kompyuta kupanga zilembo zakezake pa pulogalamu yojambulira ya Illustrator. Ine pepala langa linali mbee, ndikagwira pensulo dzanja limanjenjemera.

Aphunzitsi aja ndinakuuzani kuti sankaseka ndi amene anandiitana. Sanandipepese ayi, anangotsegula buku la zithunzi za Käthe Kollwitz nati, "Iwe, taona manja awa." Mayi wa ku Germany ameneyu mwana wake Peter anaphedwa ku nkhondo mu 1914 atangopitako kumene, ndipo chikumbutso chake, ziboliboli ziwiri za makolo atagwada, anadzachimaliza mu 1932. Zaka 18 ali pa chinthu chimodzi. Ndinayang'ana manja a anthu ake aja, akuluakulu, ena atabisa nkhope, ena atakumbatira mwana, mpaka ndinazindikira kuti nkhope ya mayi imandithawa ndikatsinzina koma manja awo ndimawadziwa onse, poti ndi amene ndinkagwira kuchipatala usiku uliwonse.

Ndinajambula ndi makala pa mapepala akuluakulu a A1 asanu ndi limodzi. Makala amafuna chala, umapaka nkufafaniza ndi rabala yofewa ija kuti kuwala kutuluke, ndiye tsiku lililonse ndimatuluka mu situdiyo ndili bii mpaka m'mphuno. Chomaliza chinali dzanja lawo lamanzere, la chipsera cha mpeni pa chala chachikulu, mitsempha itatukuka. Chipseracho ndinakhala nacho masiku anayi. Tsiku lomwe chinafanana ndinayika chikhatho changa pambali pake osakhudza, ndinakhala choncho mpaka mlonda anabwera kudzatseka.

Tsono makala samamatira pa pepala, umayenera kupopera fixative, mankhwala ogwira makalawo kuti asachoke. Yanga inathera pa zisanu zija. Anzanga ankati ndipopere hairspray, ndinakana chifukwa imasandutsa pepala lachikasu pakapita nthawi, ndinati ndipeza yeniyeni mawa. Ena mudzati ndinalakwa, koma manja a mayi sindikanawapopera za m'mutu.

Mmawa wa tsiku lopachika ndinapeza wina atapinda chithunzi chomaliza chija ngati mkeka kuti apeze malo pa tebulo. Ndinachifunyulula pang'onopang'ono mtima ukugunda, makala onse atayenda, zala zitasanduka utsi, chipsera chija kulibe. Sindinakuwe. Ndinakhala pansi pa simenti nditachigwira mbali zonse, ndipo zinali ngati andiimbiranso foni ya uthenga wa maliro ija kachiwiri. Mnzanga wa zitsekerero uja anasiya ntchito yake nkudzakhala nane pansipo, osayankhula kanthu, hamala ili m'manja. Iwe amene unapinda, ndikudziwa umawerenga kuno. Ngozi imachitika, chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti unandiona nditakhala pamenepo nkudutsa, ngakhale pepa osanena.

Ndinachipachika chomwecho, pamapeto pa zinzake. Aphunzitsi aja anaima patsogolo pake nthawi yaitali ndithu nkuchokapo, mpaka pano sitinakambiranepo.

Kenako zaka zinayi zangopita ndi ma logo, ma poster ndi kukangana ndi makasitomala za chifukwa chake mtundu wowala pa foni umatuluka wozilala ukasindikizidwa mu CMYK, mitundu inayi ya inki ya makina osindikizira. Achimwene amene munalemba kuti ndinagulitsa mphatso yanga, ntchito imeneyi ndi imene yaphunzitsa mng'ono wanga uja, ndipo sindichita nayo manyazi.

Chithunzi chija chili kuseli kwa kabati pakati pa makatoni awiri. Sabata yatha ndinachitulutsa, ndagulanso makala ndi fixative ziwiri, ndayamba ndi chala chachikulu chija.