9 Ogasiti: Msasa sutchinga chipolopolo

Kwacha ndi mphepo yozizira yochokera kumapiri a Mchinji. M'mawa ndinapalasa njinga kupita paboma kukagula mankhwala othira m'chimanga, ndipo mtengo wake wakweranso. Masana tinayala mphasa pabwalo n'kuyamba kutonola: ine, mphwanga, ndi agogo oyandikana nafe amene anabwera kuno m'ma 1980 pothawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo kuchigawo cha Tete.

Pawailesi ankakamba za kudzaza kwa anthu kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka. Mphwanga anati boma linachita bwino mu 2023 potolera othawa kwawo m'matauni n'kuwabweza kumsasa, chifukwa kumeneko ndiye kotetezeka. Agogo anaika chitsononkho pansi. "Mwanawe, wankhondo akafuna kupha safunsa ngati uli pamsasa kapena pamudzi pako. Ife tinkagona kutchire, nyumba zilipo." Sanawonjezepo kanthu, ndipo ife sitinawakakamize.

Mawu awo andikhudza kwambiri chifukwa cha tsiku lalero. Pa 9 Ogasiti 1976, asilikali 84 a Rhodesia (Zimbabwe ya lero) a gulu la Selous Scouts anaoloka malire n'kulowa mu Mozambique atavala yunifolomu ya Frelimo, magalimoto awonso atawapaka ngati a Frelimo. Anafika pamsasa wa Nyadzonia, m'chigawo cha Manica, pamene pankakhala anthu a ku Zimbabwe othawa ulamuliro wa Ian Smith. Anthu anali atasonkhana pabwalo m'mawa. Ataona magalimoto aja anathamangira pafupi poganiza kuti abwera ndi abale. Pomwepo mfuti zinayamba kulira. Ena anathawira kumtsinje n'kumira. Anafa anthu oposa 1,000, ndipo pobwerera asilikaliwo anaphulitsa mlatho wa pa Pungwe kuti asatsatidwe.

Boma la Smith linati pamalopo panali msasa wa zigawenga za ZANLA, gulu lankhondo lomenyera ufulu wa Zimbabwe. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo linkaudziwa ngati msasa wa othawa nkhondo. Mphwanga anagwira mfundo yomweyo. "Achimwene, nanga ngati munalidi ankhondo?" Ndinamuuza kuti n'zoona, m'misasa yambiri ya nthawi imeneyo omenyera ufulu ankasakanikirana ndi anthu wamba, ndipo atsogoleri amene ankalola zimenezo ali ndi mlandu wawo. Koma munthu amene waima pagalimoto, akuona khamu lopanda zida, muli amayi ndi ana, n'kupitirizabe kuwomba, sangabisale kuseri kwa mawu amenewo. Ndimakana ndi mtima wanga wonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chifukwa chomwecho chinaperekedwanso kwina. Pa 4 Meyi 1978 asilikali a South Africa anaphulitsa Cassinga ku Angola n'kupha anthu a ku Namibia pafupifupi 600, ndipo mpaka lero Namibia imapuma pa tsikuli. Mu Okutobala chaka chomwecho ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pamisasa ya anthu a ku Zimbabwe ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, komanso ku Mkushi kumene kunali atsikana ambiri. Ku Zambia komweko, kumene timadutsa pa Mwami kukagula zitenje ku Chipata.

Dziko lathu linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Ambiri anakhala m'midzi, pakati pa abale olankhula chinenero chimodzi, monga agogowa. Koma ana a sukulu amene ndimawaphunzitsa dzina la Nyadzonia sanalimvepo.

Madzulo tathira chimanga m'matumba, mphwanga ananditsatira m'nyumba n'kundipempha ndimulembere mayina a malo aja papepala kuti akafufuze yekha pafoni. Pankhani ya Dzaleka sitinagwirizanebe, tikambirananso mawa tikamathira mankhwala. Sukulu ikatsegulira mu Seputembala, phunziro langa loyamba la mbiri ku Fomu 4 lidzakhala la misasa itatu imeneyi ndi Cassinga.