Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kope la masamu ndi Mariah Carey

Sabata yatha ndinalekezera pomwe achimwene anandisiyira wailesi yawo ya kaseti. Lero ndikuuzeni za kope lina lomwe ndikusungabe mpaka pano.

Linali kope la masamu, koma masamba akumapeto ndinkalembamo nyimbo zotchuka. Pulogalamu yowerenga nyimbo kuchokera pansi mpaka nambala 1 ikayamba, ndinkakhala phee pafupi ndi sipika, chala chili pa batani lojambulira, mtima uli m'mwamba kuti muulutsi asalankhule nyimbo isanathe. Dzina lomwe ndinkadikira linali limodzi: Mariah Carey. Nyimbo yake "One Sweet Day", yomwe anaimba ndi Boyz II Men, inakhala pamwamba pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, masabata 16, kuyambira Disembala 1995 mpaka Malichi 1996. Kaseti yomwe ndinaijambulapo inaduka kawiri, ndipo kawiri konseko ndinailumikiza ndi selotepi n'kuipota ndi cholembera.

Kenako mphepo inasintha. Pofika 2001 mawailesi anali atatengeka ndi hip hop, anthu akuvina za Nelly ndi Ja Rule, ndipo nyimbo zodekha zokoka mawu zinayamba kuoneka zachikale. Chimbale cha Mariah, Glitter, chinatuluka pa 11 Seputembala 2001, tsiku lomwe dziko lonse maso anali ku New York chifukwa cha chiwembu cha zigawenga, ndipo sichinayende malonda. Mu Januwale 2002 kampani yojambula nyimbo ya Virgin inamupatsa madola 28 miliyoni kuti mgwirizano wawo uthe. Nyimbo yake ya chaka chomwecho, "Through the Rain", inangofika pa nambala 81.

Nambala imeneyo ndinailemba m'kope ndi dzanja lolemera. Usiku wina achimwene anandipeza ndikubwezera kaseti yakale ija. "Iwe, ameneyu nthawi yake inatha. Bwanji osamvera zatsopano?" Ndinati, "Achimwene, mawu ake ndi omwe aja, chasintha ndi makutu a anthu." Anangopukusa mutu. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa nyimbo zimenezo ndi zomwe zinkandikhazika mtima pansi nthawi yomwe mayi ankadwala, ndipo ndinkamva ngati wailesi yataya m'bale wanga.

Chomwe sindinkadziwa n'choti mndandanda uja nthawi imeneyo unkangowerenga zomwe mawailesi akuseweretsa ndi zomwe anthu akugula sabata imeneyo. Oulutsa akagwirizana kuti woimba wapita, amasiya kumuika, ndiye amapitadi.

Mu 2005 ndili pantchito yanga yoyamba, ndinamva piyano ikuyamba pang'onopang'ono pa wailesi ya mnzanga. Ndinasiya zomwe ndinkachita. Inali "We Belong Together". Mariah anali ataphunzira kaimbidwe katsopano, mawu akuthamanga motsatira ng'oma za hip hop, koma kumapeto anakweza mawu monga kale, mpaka thupi langa linachita tsemwe. Inakhala pa nambala 1 masabata 14. Madzulo omwewo ndinawaimbira foni achimwene, ndipo anaseka n'kunena kuti, "Wawina, mng'ono wanga."

Kopelo ndinalitsegulanso mu Disembala 2019, nthawi yomwe Billboard inali itayamba kale kuwerengera nyimbo zomvera pa intaneti. "All I Want for Christmas Is You", nyimbo ya Mariah ya mu 1994, inafika pa nambala 1 patatha zaka 25. Pa tsamba lomaliza panali patatsala mzere umodzi pansi pa 81 uja, ndipo ndinailemba pomwepo.