Tizidutswa ta mkuwa tija

Lolemba ndi Lachiwiri ku galaja kunalibe chachilendo: mabuleki, mapulagi, kilatchi imodzi yopsa. Lachitatu m'mawa ndiye idabwera yokokedwa, galimoto ya injini ya V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) yozungulira mpaka ka 8,000 pa mphindi. Nditangosuzumira pansi ndidaona bowo m'mbali mwa block, thunthu la injini, lolowa nkhonya. Conrod, chitsulo cholumikiza pistoni ku crankshaft (mtanda wozungulira wa injini), idatulukira pamenepo.

Galimotoyi ndimaidziwa. Miyezi inayi yapitayo ndidaisintha oyilo, ndipo nditadula fyuluta ndidapezamo tizidutswa tonyezimira ta mkuwa. Amakaniko anzanga mukudziwa tanthauzo lake: ma bearing, timbale tomwe crankshaft imazunguliramo, akudyeka. Ndidalemba pa job card, chikalata cha ntchito, kuti titsitse sump (chosungira oyilo pansi pa injini), tisinthe ma bearing zinthu zisanafike poipa. Abwana adati tisaopseze kasitomala, angathawire kwina. Mawu angawo adathera mu ofesi.

Mwini wake adafika masana, nkhope ili gwa.

"Amisiri, ndiuzeni zoona, ndaipha ndi liwiro?"

"Ayi bwana, liwiro palokha silipha injini yotere. Adaipangira zomwezo. Koma m'mawa mumanyamuka bwanji?"

Adati amadikira muvi woonetsa kutentha kwa madzi ufike pakati, basi n'kuponda moto. Apa mpomwe ambiri amagwa. Madzi amatentha msanga, oyilo amatsalira m'mbuyo ndithu, ndipo asanafike pa madigiri 80 kapena 90 amakhala adakali wokhuthala. Mpata wa pakati pa bearing ndi crankshaft ndi pafupifupi mamilimita 0.05, wosaposa kukhuthala kwa tsitsi limodzi. Oyilo wozizira salowamo mokwanira injini ikamakuwa, ndiye chitsulo chimakhudza chinzake. Pang'ono lero, pang'ono mawa. Mwini galimotoyo adaonjeza kuti amapita nayo ku bwalo la mpikisano nthawi zina, koma oyilo amasintha pa makilomita 15,000 monga lidanenera buku la galimotoyo. Oyilo yemwe waphikidwa tsiku lonse pa madigiri 130 sadikira buku ayi. Pokhota mwamphamvunso amathawira mbali imodzi ya sump, pampu n'kumeza mpweya.

Kompyuta ya galimotoyo sidaonetse kuti adalowetsapo giya yolakwika n'kupyola malire a kuzungulira kwa injini. Munthuyu amayendetsa bwino, kungoti palibe adamuuza.

Chondiwawa ndi ndalama. Ma bearing ndikadasintha tsiku limodzi kapena awiri, injini ili m'galimoto momwemo. Pano block yapita, crankshaft yapita, pampu ya oyilo ndi oil cooler n'zotaya chifukwa zadzaza zitsulo, ndipo mitu ya injini sindinaitsegule n'komwe. Atamva mtengo wa injini ina adakhala pa tayala lakutha, osayankhula.

Lachinayi ndidasintha turbo ya galimoto ina yomwe mwini wake amazimitsa ikadali yotentha, oyilo n'kupserera mkati. Ameneyo ndidamuuza ndekha pakhomo, osadzera ku ofesi: mukathamanga, makilomita omaliza muziyenda pang'onopang'ono.

Lachisanu abwana adandiitana kuti ndilembe lipoti lonena kuti V8 ija idafa ndi kuyendetsa mosasamala. Ndidawaonetsa chithunzi cha job card ija pa foni yanga, deti lake likuoneka bwinobwino. Adati tikambirana Lolemba. Ndidawakumbutsanso za torque wrench, sipanala yomangira mabawuti pa muyezo wake, yomwe yatha chaka osayezedwa, pomwe injini yatsopanoyo akufuna ndimange nayo yomweyo. Adati nazonso Lolemba.