Ulemu wanga wa ku Ngabu

Apongozi anga aamuna amauza aliyense ku Ngabu kuti pa akamwini awo anayi, waulemu ndine. Amanena nkhope ili gwa, koma omvawo amayang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. Ndiye bola ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, alamu anga asanaithire mchere wina.

Namondwe Freddy atasakaza mu Malichi 2023, kachisi wina wa mpingo wathu ku Nsanje anagwa. Ife a bungwe la abambo ku Blantyre tinagwirizana zoyenda ndawala kuchokera pa Thabwa, m'tsinde mwa mapiri aja, mpaka pa boma la Nsanje, anthu azilonjeza ndalama pa kilomita iliyonse. Amene anasankha mwezi wa Okutobala sindimutchula poti ndi mkulu wa mpingo, koma munthu ameneyo ku Chigwa cha Shire anali asanagoneko.

Ine ndi munthu wa mu ofesi. Ulendo wanga wautali ndi wochokera pa siteji ya minibasi kukafika kunyumba ku Chilomoni, ndipo pena ndimapumira pa grosale. Chinandilembetsa dzina si kachisi yekha ayi. Mayi a Tadala anali atatha masabata asanu kwawo ku Ngabu akudwazika mayi awo, ndipo pa ndondomeko ya ulendo panalembedwa kuti tsiku lachinayi tidzapumula pa Ngabu pomwepo. Ndinawaimbira foni ndi mawu a mnyamata wofunsira. "Ndikubwera wapansi kudzakuonani." Iwo anangofunsa kuti, "Ndi mimba imeneyo?"

Tsiku loyamba tinawoloka mlatho wa Kamuzu tikuimba, Shire akuyenda phee pansipo, zithunzi zili mbwee pa Facebook. Pofika pa Dyeratu nyimbo zinali zitatha. Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pomwe Chigwachi chili pansi penipeni, ndipo dzuwa la kumeneko limatuluka litakwiya kale. Ikamakwana 9 koloko phula limakhala likuwotcha kudzera m'nsapato. Nsapato zakezo zinali zatsopano, ndinagula ku Limbe dzulo lake la ulendo. Wina aliyense amene anayendapo ulendo wautali adzakuuzani kuti nsapato yatsopano ndi mdani, koma anthu otere amayankhula matuza atatuluka kale.

Tsiku lachiwiri vuto linakwera m'mwamba. Ntchafu zinayamba kukhulana mpaka kusupuka. Mayi wina wogulitsa madzi ozizira pa Nchalo anandiyang'ana ndikubwera nditatang'adza ngati bakha, osandifunsa kanthu, n'kungondilozera sitolo. "Vaseline ali umo, bambo." Ndinagula botolo lalikulu.

Tsiku lachitatu tinanyamuka pa Nchalo 4 koloko m'bandakucha, minda ya nzimbe ikununkhira mumdima. Kutacha ndinali kumbuyo. Ikamati 8 koloko, chipewa cha munthu womaliza chinazimiririka kutsogolo. Ndinakhala pansi pa mlambe, ndinavula nsapato imodzi, n'kuyamba kukambirana ndi phazi langa.

Satana sabwera ndi nyanga, abale. Amabwera pa njinga yakapalasa yokhala ndi kushoni yofiira kumbuyo, akuliza belu. "Bwana, tipite?"

Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinafunsa mtengo. Tinagwirizana K4,000 mpaka pafupi ndi Ngabu, koma ndinaika lamulo loti tisadutse pamsewu wa phula poti anzanga angatione. Mnyamatayo anakhotera m'tinjira ta m'midzi, tikudutsa mbuzi, ng'ombe ndi minda ya thonje yokololedwa kale. Kamphepo katandiwomba, pakamwa panamasuka. Ndinamuuza zonse, za ndawala, za mkazi wanga, za apongozi amene ayenera kundiona ngati ngwazi. Iye ankangoseka uku akupalasa. Dzina la apongoziwo sanafunse, inenso sindinatchule.

Ananditsitsa kuseri kwa msika. Ndinamupatsa K5,000, iye n'kuti akasinthe. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinati K1,000 imeneyo ikhale yotsekera pakamwa. Ndinadzithira madzi kumutu ndi pamalaya kuti aoneke ngati thukuta, ndinadzola fumbi m'miyendo, n'kulowa m'mudzi ndikutsimphina mwaulemerero.

Woyamba kundiona anali Tadala. Anataya mango amene ankadya, n'kuthamanga akukuwa kuti adadi, adadi. Mayi ake anatuluka m'khitchini ufa uli m'manja, ataonda pang'ono ndi kudwazika kuja, ndipo atandiona maso awo analengeza misozi. Pamenepo ndinatsala pang'ono kuulula. Pang'ono pokha.

Apongozi aamuna anali pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa nimu. Ndinapita mwaulemu, ndinagwada chapatali, ndinawomba m'manja, tinapatsana moni. Atandilozera mpando, ndinati ndidzuke.

Miyendo inakana.

Masiku awiri oyenda, kenako kukhala tang'a pa kaliyala wa njinga, minofu inangouma ngati chikwanje. Ndinayesanso mwakachetechete. Msempha wa kuseri kwa ntchafu unakoka moti ndinaona nyenyezi masana.

"Khalani pampando, bambo a Tadala."

"Ayi bambo, pano pali bwino."

Nkhalambayo inagwedeza mutu mokhutira. Inaitana akazi ake. "Taonani mwana woleredwa uyu. Wachokera ku Blantyre wapansi, koma mpando akuukana pamaso pa apongozi." Apongozi aakazi anaima chapatali monga mwa mwambo, n'kululutira. Anthu oyandikana nawo anayamba kubwera. Thobwa ndinamwa chogwada. Dothi linali lotentha ngati chiwaya, ndipo nyerere zinapeza njira yolowera mu thalauza, mwina zitamva fungo la Vaseline.

Apongozi anga akapeza womvetsera satha msanga. Anayamba ndi masiku amene sitima inkadutsa pa mlatho wa Chiromo madzi asanaononge njanji mu 1997. Anafotokoza mmene ankasenzera thonje ali mnyamata. Anafika mpaka kwa Livingstone, amene anadutsa mu Shire mu 1859 n'kupeza njovu zambirimbiri ku dambo lija azungu amalitcha Elephant Marsh. Ine ndinkangoti "inde bambo", thukuta tsopano lili lenileni. Kenako anandifunsa za ulendo, ndipo m'malo motseka pakamwa, ndinatsegula.

"Anzanga ndawasiya kutali, bambo. Kuchokera pa Nchalo sindinapume n'kamodzi komwe. Munthu ukamapita kwa okondedwa ako, miyendo imayenda yokha."

Ngiriii! Ngiriii!

Belu limenelo ndinalizindikira ndisanacheuke. Njinga ya kushoni yofiira inalowa pabwalo ngati kwawo, chifukwa kunali kwawo. Mnyamata anatsika, anapereka moni kwa amalume ake, kenako anandiona ndili chigwadire.

"Aa! Bwana! Ndakusakani msika wonse." Anapisa m'thumba, n'kutulutsa K1,000 yopindika, n'kundipatsa ndi manja awiri. "Chenji chanu. Kodi apongozi munkanena aja ndi amalumewa? Ndiye ndinu alamu anga! Mukananena sindikanakulipiritsani zonse zija. Kungoti ndinu olemera, alamu, masipoko awiri athyoka."

Dziko lino lili ndi anthu osakhulupirika ambirimbiri. Ine ndinakumana ndi wokhulupirika mmodzi yekhayo.

Pabwalo panati zii. Nkhuku yokha ndiyo inkapalasa. Kenako ndinamva kaphokoso kuseri kwanga ngati munthu akutsamwa. Anali mayi a Tadala, atatseka pakamwa ndi chitenje, misozi ija tsopano ikutsika pa chifukwa china. Ndinaganiza zoti ndidzuke ndi mphamvu zonse ndikalowe m'nyumba. Thupi linadzuka theka, miyendo inatsalira, ndipo ndinagwa cham'mbali ngati thumba la chimanga, thalauza n'kung'ambika kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Apongozi aakazi anathawira kuseri kwa nkhokwe. Tadala anafunsa mokweza chifukwa chake adadi anyezimira ntchafu.

Anandinyamula anthu atatu, mmodzi mwa iwo mlamu wanga watsopanoyo, amene ankalangiza anzake kuti agwire chakumimba poti kulemera kuli kumeneko.

Kupuma kokha ndinapuma, zimenezo sindinama. Mayi a Tadala anandithowa miyendo ndi madzi otentha, akuboola matuza ndi singano yowotcha pamoto, uku akuseka, kuleka, n'kuyambiranso. Usiku tinagona panja pamphasa monga amachitira anthu kumeneko nyengo yotentha, neti itamangidwa ku nthambi ya nimu, Tadala atagona pamimba panga. Ndinadya nsima ya mapira ndi mlamba wowamba mpaka ndinaiwala manyazi kwa kanthawi. Iwo anandinong'oneza kuti ngakhale ndikanabwera pa ngolo akanasangalala, chomwe sanamvetse n'chakuti fumbi ndinadzoleranji.

Anzanga anafika masana a tsiku lomwelo, ndipo nkhani inawachingamira kumsika. Mkulu wa mpingo uja anatulutsa kope lake, anawerengera makilomita amene ndinakwera njinga, n'kulamula kuti ndalama za makilomita amenewo ndilipire ndekha, kuwirikiza kawiri. Palibe anatsutsa. Apongozi aamuna anapempha kuti awonjezerepo za masipoko.

Tsiku lachisanu tinanyamuka kulowera ku Bangula kusanache, ine nditavala nsapato zakale za apongozi ndi thalauza losokedwa ndi ulusi wobiriwira. Ndinayenda pakati pa gulu, wina kutsogolo wina kumbuyo ngati mkaidi. Titangotuluka mu Ngabu, ndinamva kumbuyo kwathu matayala akuyenda pang'onopang'ono pa phula.

Ngiriii.

"Alamu, tipite?"