Concise ndi terse, dikishonale isakupusitseni

Mukatsegula dikishonale muona ngati mawu awiri a Chingeleziwa ndi amodzi, onse akukamba za kunena zinthu mwachidule, ndiye anthu amangowasinthanitsa. Komatu mzungu akakuuzani kuti lipoti lanu ndi concise ndiye kuti wakuyamikirani, koma akati yankho lanu linali terse, eee pamenepo pali nkhani, mwina mwamulasa mtima osadziwa.

Concise anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza kudula. Unali ndi zambiri zoti unene koma wasadza, wachotsa zobwerezabwereza ndi zokometsera zija, mfundo zonse zatsala zamphumphu. Mu 1863 ku Gettysburg, Edward Everett analankhula maola awiri athunthu, kenako pulezidenti wa dzikolo Abraham Lincoln anaima nkulankhula mphindi ziwiri zokha, mawu pafupifupi 270 basi. Mawa lake Everett yemweyo anamulembera kalata kuti akanakondwa akanafika pa chenicheni cha nkhani m'maola ake awiri aja monga mnzakeyo anachitira m'mphindi ziwiri. Concise ndi ameneyo.

Terse ndi wodabwitsa pang'ono. Nayenso ndi wa Chilatini, mawu otanthauza kupukuta, muzu umodzi ndi detergent, inde sopo wochapira yemweyu! M'zaka za m'ma 1600 ankatanthauza kalembedwe kosalala, kopukutidwa bwino, kunali kuyamikira ndithu. Masiku ano wapendekera kwina, nkufupikitsa kouma, kokhala ngati munthuyo watopa nawe kapena alibe nthawi yako. Mu Disembala 1944, pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, Ajeremani atazinga asilikali a America ku Bastogne, ku Belgium, nkuwalembera kuti agonje, mkulu wa asilikali a Americawo Anthony McAuliffe anangoyankha liwu limodzi, "Nuts!" (ngati kunena kuti zamisala!), mpaka Ajeremaniwo anachita kufunsa kuti akutanthauzanji.

Ine ndimaona kuti kuwerengera kuchuluka kwa mawu sikuthandiza apa. Buku lamasamba ambirimbiri litha kukhala concise bola mulibe zamadzimadzi, pomwe terse amamveka pa kamvekedwe, ngati munthu wakutsekera chitseko usanamalize kuodira.

Ndipo ife apa timavutika kwambiri, chifukwa kwathu nkhani siyamba usanafunse mwadzuka bwanji, ana ali bwanji, kunyumba konse. Ndiye munthu wapita kukagwira ntchito ku London kapena ku Johannesburg, abwana amutumizira imelo ya mizere iwiri yopanda moni, iye tulo osagona kuganiza kuti walakwanji, chikhalirecho abwanawo angokhala concise, anena zofunika nkupitiriza zawo. Koma ukalemba uthenga wautali pa WhatsApp kufotokoza mavuto ako onse, ndalama ya lendi, fizi ya mwana, mnzako nkungoyankha "k" patapita maola atatu, usadzinamize ayi, ameneyo ndi terse, ndipo ngongole ukufunayo kaifune kwina.