Kabobini ka mu mjigo kandisowetsa tulo sabata yonse

Sabata yonseyi ndakhala ndikugona cha m'ma 2 koloko usiku chifukwa cha kanthu kochepa ngati chala, kavalavu ka pansi pa mjigo. Amene munakulira kumudzi mukuudziwa mjigo wa Afridev, uja umakoka madzi mpaka mamita 45 pansi. Mu silinda yake, yomwe m'mimba mwake ndi mamilimita 50 basi, muli kabobini ka labala kamene kamanyamuka madzi akamalowa kenako nkubwerera kukatseka kuti asathawirenso pansi. Kakaperepeseka, nde paja mumapopa kambirimbiri m'mawa madzi osatuluka, azimayi atandandika zidebe pamzere dzuwa likukwera.

Ine ndimafuna ndione pa kompyuta kuti kamachedwa bwanji kutseka komanso madzi ochuluka bwanji amabwerera kasanatseke. Ndikugwiritsa ntchito OpenFOAM, pulogalamu yowerengera kayendedwe ka madzi pa kompyuta, poti ndi yaulere, laisensi ya inzake yotchedwa ANSYS Fluent ndi yodula zedi.

Madzi okha oyenda mu paipi savuta kwenikweni. Umadula malo onse a madziwo m'timabokosi ting'onoting'ono, mesh imeneyo, kompyuta nkumawerengera liwiro ndi pressure m'kabokosi kalikonse potsatira masamu ofotokoza kayendedwe ka madzi otchedwa Navier-Stokes. Koma ukangoikamo chinthu choyenda nkhani yasintha, madzi akukankha bobini, bobini yasuntha, malo odutsa madzi asintha, madzi ayamba kuyenda mwina nkukankhanso bobini mwa mtundu wina, ndipo timabokosi tija tikuyenera kutamuka ndi kufinyika potsatira bobiniyo. Ikamayandikira pokhalira pake mpata umachepa mpaka timabokosi timaphwanyika nkutembenuzika, pulogalamu nkuima. Lachiwiri usiku inaima kanayi pamalo omwewo! Ndinasamukira ku overset mesh, pomwe bobini imakhala ndi mesh yakeyake yoyenda pamwamba pa ya madzi, nkusiyanso kampata kochepetsetsa kuti isagunde penipeni. Apo zinayendako.

Koma chomwe chinandizunguza mutu kwambiri ndi china. Bobini inayamba kunjenjemera, kukwera kutsika mopenga mpaka manambala onse kusokonekera. Ndinkaganiza kuti ndalakwitsa kulemba kulemera kwake, ndinachekanso katatu, ayi zili bwinobwino. Kumeneko vuto ndi loti labala ndi madzi amalemera pafupifupi mofanana, madzi ndi makilogalamu 1000 pa kiyubiki mita, labala amangopitirirako pang'ono. Bobini ikamasuntha imayenera kusunthanso madzi oizungulira, amati added mass, nde ngati pulogalamu iwerengera madzi kamodzi, bobini kamodzi, nkudumphira pa sitepe yotsatira, cholakwika chimangokulirakulira. Ndipo chowawa nchoti kuchepetsa time step (kanthawi kamene kompyuta imadumpha pa sitepe iliyonse), komwe tonse timathamangirako zikavuta, sikuthandiza, mwinanso kumaonjezera. Chikanakhala chitsulo mu mpweya, 7850 kuyerekeza ndi 1.2, bwenzi vutoli osalimva nkomwe.

Mankhwala ake ndi kuzikambitsana ziwirizi, madzi ndi bobini, kangapo mu sitepe imodzi mpaka zigwirizane. Mu OpenFOAM ndinakweza nOuterCorrectors kuti izibwereza kuwerengera kangapo, ndinayatsa moveMeshOuterCorrectors kuti mesh izisuntha pa kubwereza kulikonse, nkutsitsa accelerationRelaxation kuti bobini isamalandire mphamvu yonse ya madzi nthawi imodzi. Laputopu inatentha, fani kulira usiku wonse, koma Lachinayi m'mawa ndinapeza bobini ikukwera mofatsa nkutsika kukakhala pamalo pake. Ndinaonera kakanemako kakhumi, mtima uli mbee.

Kusukulu pophunzitsa zimenezi amakonda kuonetsa mlatho wa Tacoma Narrows ku America, womwe unagwa pa 7 November 1940 patangotha miyezi inayi autsegulira, mphepo ya makilomita pafupifupi 64 pa ola itaupotokola ngati chingwe. Ndi nkhani yomweyi, mphepo kukankha mlatho, mlatho kusintha kayendedwe ka mphepo. Koma kwa ine kabobinika kamandikhudza kuposa mlathowo, chifukwa mayi anga amatunga pa mjigo ngati umenewu tsiku ndi tsiku.

Mitundu yokongola ya pa sikilini sindinaikhulupirire ayi, bobini yanga ya mu kompyuta ndi yosalala, yatsopano, madzi ake opanda mchenga. Loweruka ndikupita kumudzi, ndapangana ndi amakaniko a mijigo kuti tikazule valavu yakale, ndikayeze ndi vernier, kachipangizo koyezera tinthu ting'onoting'ono, mmene yadyekera, miyezo imeneyo ndiyo ndidzaike mu kompyuta.