Munaperekeza Agogo monga iwo ankaperekezera ena: mawu othokoza ochokera ku banja

Ife ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi za mayi athu, amene ku Kawale mumangowatchula kuti Agogo a Chigwirizano, tabwera kudzathokoza. Tinawaika m'manda kumudzi kwawo ku Nathenje, takhala pansi monga banja, ndipo tsopano mtima watsikako moti tingathe kulemba. Agogo sankathokoza mwachisawawa. Munthu akawatulira mtolo wa nkhuni ankatchula nkhunizo, akawatungira madzi ankatchula madziwo. Nafenso titchula ntchito iliyonse ndi dzina lake, chifukwa zambiri zimene munachita ndi zomwe iwo anakhala akuchitira ena moyo wawo wonse.

Ufulu wa 1964 unawapeza ali kale pabanja. Anabwera m'tauni ndi malemu bambo athu pa nthawi imene likulu la dziko linkamangidwa, lisanasamuke ku Zomba mu 1975, ndipo kuyambira pamenepo khomo lawo silinakhalepo la ana obereka okha. Wobwera kudzaphunzira sekondale, wodzafuna ntchito, wodzadikirira wodwala ku chipatala, onse ankayala mphasa pabalaza. Mu mpingo wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, anavala yunifolomu ya Chigwirizano cha Amayi kufikira pamene miyendo inakana. Sanali olankhula pagulu. Mukafuna kuwaona pa maliro kapena pa ukwati munkawapeza kuseri, kumafuwa, mpango uli kumutu, mthiko uli m'manja.

Tiyambe ndi inu amene munawasamala atadwala matenda ofa ziwalo. Anamwino ndi madokotala a ku Kamuzu Central Hospital, zikomo. Amayi a mumlaga mwathu, dera lathu la mumpingo, inu munagawana masiku osadikira kupemphedwa, ndipo munatsatira zomwe Agogo anakuphunzitsani m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkagoneka anthu m'makomo, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Wodwala wosatha kudzitembenuza amatembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Malo oyang'ana ndi zidendene, m'chiuno, kumunsi kwa msana ndi m'mapewa, pamene fupa limatsamira pa matiresi. Khungu likafiira n'kusabwerera mwakale, chilonda chayamba kale mkati. Nsalu yogonera ikhale youma ndiponso yopanda makwinya, pakuti chinyezi ndi khwinya limodzi zimakwana kunyula khungu la munthu wokalamba. Pa chakudya, wodwala akhale tsonga, phala likhale lolimbirako, supuni ikhale yaing'ono, ndipo asagonekedwe mpaka patapita mphindi 30. Zamadzimadzi ndi zimene zimatsamwitsa msanga munthu amene mmero wake wafooka, zikalowa m'mapapo n'kubweretsa chibayo. Ambiri sadziwa zimenezi, amaganiza kuti phala lamadzi ndiye losavuta kumeza. Agogo anagona miyezi yonseyo opanda chilonda ngakhale chimodzi, ndipo ulemu umenewu ndi wanu.

Phala lomwe munkaphika linali la muyezo wawo womwe uja wa nthawi ya njala ya 2002, pamene ankadyetsa ana a m'dera pakhonde: makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya, soyayo atakazingidwa kaye asanapite ku chigayo. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi ndipo amatupitsa mimba, mwana amalawa kamodzi n'kukana.

Uthenga utamveka, anyamata a m'dera munaika masamba pamsewu, kutulutsa mipando m'nyumba, kuyala mphasa ndi kudzutsa tenti dzuwa lisanalowe. Abambo munagona panja pamoto mausiku awiri, amayi m'nyumba ya siwa. Makwaya munalandizana nyimbo mpaka mbandakucha, ndipo magetsi atazima simunadukize, munangoyatsa matochi a m'mafoni n'kupitiriza. Amfumu a m'dera lathu, zikomo polengeza ndi pokhazikitsa bata. Abusa, akulu a mpingo ndi atumiki, munayendetsa mwambo mosunga nthawi, zomwe zinathandiza kuti ulendo wa kumudzi unyamuke kukadali m'mawa.

Pa nkhani ya chipepeso tikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amayambanira maliro akatha, ndipo apa ndi pamene Agogo anali okhwima kwambiri. Lamulo lawo linali lakuti kope likhale limodzi, lachikuto cholimba, ndipo pakhale anthu awiri: wina wolemba, wina wolandira ndi kuwerenga ndalama. Awiriwa asakhale a nyumba imodzi, komanso asakhale ofedwa, popeza wofedwa mutu sukhala pamodzi. Cholowa chilembedwe kumayambiriro kwa kope, chotuluka kumapeto, ndipo aliyense wotumidwa kumsika asayine asananyamuke, akabwera abweze chenji pamaso pa onse awiri. Zinthu nazonso zimalembedwa: beseni la ufa, mtolo wa nkhuni, paketi ya shuga, nkhuku. Chimene chimasokoneza kawirikawiri ndi ndalama yopatsira namfedwa m'manja usiku, mwachikondi ndithu, koma yosafika m'kope. Mawa lake wopereka samva dzina lake polengeza, amadandaula, ndipo kukayikirana kumayambira pomwepo. Masiku ano pawonjezeka ndalama za pafoni. Munachita bwino kusankha nambala imodzi yokha ya Airtel Money ndi ina imodzi ya Mpamba, n'kumakopera uthenga uliwonse m'kope nthawi yomweyo. Kopelo linatsekedwa pamaso pa atsibweni athu, eni mbumba, ndipo masamu anagwirizana mpaka kwacha yomaliza.

Amayi a kumafuwa, inu ndiye tikusowa poyambira. Munawerengera monga Agogo ankawerengera, kuti thumba la ufa la makilogalamu 50 limadyetsa anthu pafupifupi 250 kamodzi, ndipo pa maliro a munthu wodziwika uwonjezere thumba lina lapadera, pakuti obwera tsiku loika amaposa ogona. Nyemba munaziteleka usiku kuti pofika m'mawa zikhale zitapsa. Zikatelekedwa m'mawa zimalanda mafuwa a nsima ndipo anthu amadya mochedwa. Kabichi munadula tsiku lomwelo. Nsima ya mumphika waukulu munkavundula awiriawiri molandizana, moto mutauchepetsa phala litakhwima, ndipo sinatuwe kapena kuchita mibulu. Thobwa nalo linakoma chifukwa munadikira phala lizizireko musanathire chimera. Chimera chikathiridwa phala likadali lowira chimapsa, thobwa silisungunuka ndipo silitsekemera.

Tithokozenso amene munaika ndowa za mpopi pakhomo ndi pamalo odyera, madzi ake othira klorini, sopo ali pambali. Chichitikireni kolera wa 2022 ndi 2023, Agogo ankakana zosambira m'manja m'beseni limodzi, ngakhale ena ankati n'kunyada. Palibe amene anadwala m'mimba pa maliro awa.

Amene munapereka lole, maminibasi ndi mafuta, ndi madalaivala amene munayenda pang'onopang'ono mumsewu wa M1 kuti mdipiti usaduke, Mulungu abwezere pomwe mwachotsa. Pano tipepese. Malo anachepa, ndipo amayi ena achikulire, anzawo enieni a Agogo, anatsala ku Kawale atavala kale yunifolomu. Kulakwa kunali kwathu, sitinayambe takweza akuluakulu achinyamata asanakwere. Tidzakuyenderani m'makomo mwanu mmodzimmodzi.

Kumudzi, tikugwada kwa a gulupu ndi amfumu amene munapereka malo kumanda, pafupi ndi pamene anagona mayi awo. Adzukulu munalawirira kusanache ndi makasu ndi mapiki, dothi lili gwa, ndipo pomwe thupi limafika n'kuti manda atatha, muyezo wa bokosi utakwana bwino lomwe osafunika kukumbanso anthu akudikira. Munatumiza munthu kudzayeza bokosi ndi chingwe dzulo lake, nzeru imene ambiri amaiwala. Apongozi athu, alamu athu ndi onse a kuchimuna, munasenza mbali yanu popanda kukumbutsidwa. Amayi a Chigwirizano a m'tauni ndi a kumudzi, munayenda kutsogolo ndi nkhata m'mizere iwiri, ndipo nyimbo yomwe munayimba potsitsa bokosi ndi imene iwo ankayambitsa akamaperekeza anzawo.

Kope limene Agogo ankalembamo mayina a okalamba ndi amasiye a mumlaga, pamodzi ndi masiku owayendera, talipereka kwa amayi a mpando wa Chigwirizano. Miphika yawo ikuluikulu itatu, mithiko ndi zipande zikhala ku tchalitchi kuti zizibwerekedwa pa maliro ndi pa maukwati monga kale, wobwereka azilemba dzina ndi tsiku lobweza.

Kunyumba kwatsala ziwiya zomwe eni ake sitikuwadziwa: mabeseni awiri, ndowa yobiriwira, mbale zapulasitiki zokhala ndi chizindikiro cha penti yofiira kunsi, ndi zitenje zingapo. Tazitsuka, tazichapa, zili pakhonde, bwerani mudzatenge madzulo alionse. Kope la chipepeso lili ndi atsibweni, ndipo amene dzina lake silinamveke polengeza afike adzaone kuti tikonze. Chiliza tidzamanga dzinja limodzi likadutsa, dothi litakhazikika, kuti simenti isadzang'ambike. Tsiku lake tidzalengeza ku tchalitchi komanso kudzera kwa amfumu.